Mayeso ofunika pofunsira malo a MD/PhD ku America: zoyenera kuchita pang'onopang'ono

Pulogalamu ya MD/PhD imatulutsa munthu wa madigiri awiri: MD, ya dokotala woona odwala, ndi PhD, ya katswiri wa kafukufuku. Ku United States maphunzirowa amatenga zaka pafupifupi 8. Zaka 2 zoyambirira mumaphunzira limodzi ndi ena onse ofuna udokotala, zaka 4 kapena kuposerapo mumazithera mu labotale, ndipo zaka 2 zomaliza mumabwerera m'mawodi. Masukulu oposa 100 ali ndi pulogalamu yotereyi. Chaka ndi chaka ofunsira malo amakhala pafupifupi 2,000, otengedwa n'kukhala pafupifupi 700. Ambiri mwa otengedwawo salipira fizi ndipo amalandira ndalama ya m'thumba, n'chifukwa chake mpikisano wake ndi waukulu chomwechi.

Mayeso amene aima pakhomo penipeni ndi amodzi, MCAT (Medical College Admission Test), mayeso olowera sukulu ya udokotala. Enawo, monga Casper ndi PREview (a khalidwe), GRE (olowera maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba) ndi TOEFL (a Chingerezi), amadalira sukulu imene mukufunsira komanso kumene munaphunzira. Anthu ambiri anzeru amagwa chifukwa chochita zinthu mosemphanitsa: kulipira mayeso asanadziwe ngati sukuluyo ingawatenge, kulemba mochedwa, kapena kulemba asanakonzeke n'kusiya malikisi ofooka pambiri yawo. Choncho ndondomeko ili m'munsiyi itsatireni monga yayalidwira.

Choyamba, dziwani ngati khomo lili lotsegukira inuyo

Mapulogalamu pafupifupi 50 amathandizidwa ndi boma la America kudzera ku National Institutes of Health, m'dongosolo lotchedwa Medical Scientist Training Program, mwachidule MSTP, limene linayamba mu 1964. Ndalama za dongosololi zimalipirira nzika za America ndi anthu amene ali ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo, basi. Mmalawi kapena Mzambia amene ali ku America pa viza ya ophunzira sangalipiriridwe nazo. Alipo masukulu amene amatenga alendo n'kuwalipirira ndi thumba lawolawo. Washington University ya ku St. Louis, Vanderbilt, komanso pulogalamu ya Weill Cornell, Rockefeller ndi Sloan Kettering ku New York akhala akutero. Komabe malo ake ndi owerengeka ndipo mfundo zimasintha, tsono werengani tsamba la sukulu iliyonse m'chaka chimene mukufunsiracho.

Palinso nkhani ya magiredi. Mafomu amadutsa ku AMCAS, ofesi ya pa intaneti ya bungwe la Association of American Medical Colleges, limene mwachidule amati AAMC. Ofesiyi imatsimikizira magiredi a m'makoleji a ku America ndi Canada, koma a ku mayunivesite a kunja siwerengera. Masukulu ambiri amafuna kuti mukhale mutaphunzirako ku koleji ya ku America kapena Canada, ena chaka chimodzi, ena zaka zingapo, ena digiri yonse. Digiri ya ku University of Malawi kapena University of Zambia payokha nthawi zambiri siikwanira, ngakhale MCAT mutaikhoza chotani. Ngati muli kale ndi digiri ya udokotala ya MBBS, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, AAMC imakulolani kulemba MCAT, koma masukulu ambiri satenga munthu amene ndi dokotala kale. Njira yanu ndi ina: chiphaso cha ECFMG, bungwe lovomereza madokotala ophunzira kunja, ndi mayeso a chilolezo cha udokotala a USMLE ngati mukufuna kuona odwala ku America, kapena kufunsira PhD mwachindunji ngati mtima uli pa kafukufuku.

Lembani tebulo la masukulu musanatulutse ndalama

Sankhani masukulu amene kafukufuku wawo akugwirizana ndi wanu, ndipo pa sukulu iliyonse lembani izi: ngati imatenga alendo, malikisi a MCAT akale kwambiri amene imalandira, mwezi womaliza kulemba MCAT umene imavomereza, ngati imafuna Casper kapena PREview, ngati dipatimenti ya PhD imafuna GRE, ngati imafuna TOEFL, ndi tsiku lotsekera mafomu a MD/PhD. Zambiri mwa izi zili mu MSAR, kaundula wa masukulu amene AAMC imagulitsa pa intaneti, koma pamene MSAR ndi tsamba la pulogalamu zikusiyana, lemberani ofesi ya pulogalamuyo ikuyankheni m'kalata. Ku Texas ofunsira MD wamba amadzera ku TMDSAS, ofesi ya mafomu ya komweko, koma a MD/PhD kawirikawiri amadzerabe ku AMCAS.

Mzere wa malikisi akale ndiwo umapweteka ofunsira MD/PhD kuposa anzawo. AAMC siifafaniza malikisi, koma sukulu iliyonse imaika malire ake, kawirikawiri zaka 2 kapena 3, ndipo amawerenga mosiyana: ena kuyambira pa tsiku lofunsira, ena pa tsiku loyamba sukulu. Ofuna MD/PhD ambiri amayamba agwira ntchito mu labotale chaka chimodzi kapena ziwiri atamaliza digiri yoyamba. Tiyerekeze mwalemba MCAT mu Seputembala 2024, mwakhala mu labotale, mwatumiza fomu mu Juni 2027 kuti mukayambe sukulu mu Ogasiti 2028. Pofika tsiku loyamba sukulu malikisiwo adzakhala atatsala mwezi umodzi kuti akwane zaka 4, ndipo sukulu yowerenga zaka 3 kuchokera pa tsiku loyambira idzawakana. Mudzalembanso mayeso amene munakhoza kale. Musanasankhe chaka cholemba, dziwani chaka chimene mudzafunsire.

Dziwani mmene MCAT ilili

MCAT imene ikulembedwa masiku ano inayamba mu Epulo 2015. Imalembedwa pa kompyuta, ili ndi mafunso 230 osankha yankho limodzi mwa anayi, ndipo yagawidwa panayi. Gawo loyamba ndi la Chemistry ndi Physics monga zimagwirira ntchito m'thupi, mafunso 59 m'mphindi 95. Lachiwiri ndi CARS, la kuwerenga ndi kusanthula ndime, mafunso 53 m'mphindi 90. Lachitatu ndi la Biology ndi Biochemistry, mafunso 59 m'mphindi 95. Lachinayi ndi la Psychology ndi Sociology, nalonso mafunso 59 m'mphindi 95. Kuyankha kokha ndi maola 6 ndi mphindi 15, koma mukaphatikiza kupuma ndi malangizo mumakhala pamalopo maola pafupifupi 7 ndi theka.

Gawo lililonse la sayansi lili ndi ndime 10 zimene zimabereka mafunso 44, ndi mafunso 15 oima paokha. CARS ili ndi ndime 9 ndipo funso lililonse limachokera m'ndime. Malikisi a gawo lililonse amayambira pa 118 kulekeza pa 132, onse pamodzi 472 mpaka 528, pakati pake ndi 500. Kulakwa funso sikuchotsetsa malikisi, choncho funso losayankhidwa ndi kutaya chabe. Kakyuleta siloledwa. Tebulo la ma element amakupatsani pa sikirini.

Biochemistry imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafunso a gawo loyamba, chimodzimodzinso a gawo lachitatu. Kulemba MCAT musanaphunzire Biochemistry ndi kudzipweteka dala. Malizaninso Biology, General Chemistry, Organic Chemistry ndi Physics, ndipo ngati mungathe tengani kosi imodzi ya Psychology ndi imodzi ya Sociology.

Sankhani tsiku powerenga chobwerera m'mbuyo

MCAT imalembedwa pa masiku osankhidwa pakati pa Januwale ndi Seputembala. Zotsatira zimatuluka pakapita masiku 30 mpaka 35. AMCAS imatsegulidwa kumayambiriro kwa Meyi, imayamba kulandira mafomu kumapeto kwa Meyi, ndipo imayamba kuwatumiza ku masukulu kumapeto kwa Juni. Fomu iliyonse imayamba yafanizidwa ndi magiredi ochokera ku koleji, ndipo pamene mafomu achuluka, cha mu Julayi, ntchito imeneyi imatenga milungu ingapo. Masukulu ambiri amaitana anthu ku intavyu pamene mafomu akufika, sadikira tsiku lotsekera. Zili ngati kubzala: wobzala ndi mvula yoyamba ndi wobzala mu Januwale onse abzala, koma zokolola zawo sizifanana. Pulogalamu ya MD/PhD imene imatenga anthu 10 pachaka imatha mipando ya intavyu msanga.

Ndiye nthawi yabwino yolemba ndi pakati pa Januwale ndi Epulo wa chaka chofunsira, kapena Ogasiti ndi Seputembala wa chaka cham'mbuyo ngati tebulo lanu likusonyeza kuti malikisiwo adzakhala akadali amoyo. Mukalemba mu Epulo, zotsatira mumaziona mu Meyi musanatumize fomu, ndipo mumasankha masukulu mukudziwa pamene mwaima. Kulemba kumapeto kwa Meyi ndiwo malire abwino. Ogasiti kapena Seputembala wa chaka chofunsiracho masukulu ambiri amalandira, koma fomu yanu imawerengedwa mu Okutobala anzanu atayamba kale ma intavyu.

Pali chifukwa china chomalizira MCAT Meyi asanafike. Ofunsira MD wamba amalemba nkhani imodzi ya zilembo 5,300. Inu mumalemba zitatu: imeneyo, ina ya zilembo 3,000 yofotokoza chifukwa chimene mukufunira madigiri onse awiri, ndi ina ya zilembo 10,000 yofotokoza kafukufuku amene mwachita. Nkhani yachitatuyi amaiwerenga ndi asayansi amene adzakufunseni za kafukufuku wanu wa mu labotale mzere ndi mzere. Simungailembe bwino uku mukuloweza Physics.

Ngati zinthu zakupanikizani ndipo mulemba mu Juni, tumizani fomu ya AMCAS ndi sukulu imodzi yokha kuti magiredi anu ayambe kutsimikizidwa, chifukwa ntchito imeneyo siidikira MCAT. Zotsatira zikabwera muwonjezere masukulu ena. Sukulu yoyambayo ikhale ya MD/PhD kuti nkhani zonse zitatu zilowe pamodzi. Kuwonjezera sukulu n'kotheka, koma kuchotsa imene mwaika kale n'kosatheka.

Kulembetsa

Tsegulani akaunti imodzi yokha ya AAMC. Nambala imene mupatsidwe ndiyo imalumikiza MCAT, PREview ndi AMCAS, ndipo kukhala ndi maakaunti awiri kumasokoneza malikisi. Dzina mulilembe ndendende monga lilili pa pasipoti kapena chiphaso chimene mudzaonetse pakhomo. Kwa ife amene tili ndi mayina awiri kapena atatu, lachikhristu, lamakolo ndi la mfunda, apa m'posamala: dzina loyamba ndi lomaliza zikasiyana ndi za pa chiphaso, kapena chiphaso chikakhala kuti chinatha, simulowa m'chipinda ndipo ndalama sizibwezedwa.

Mayesowa amalembedwera m'malo a kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE. Mipando ya miyezi yoyambirira ya chaka imatsegulidwa cha mu Okutobala ndipo ya m'mizinda ikuluikulu imatha mofulumira. Mu 2025 kulembetsa kunali madola 345, ndipo olembera kunja kwa America ndi Canada ankawonjezera madola 120. Maiko akunja amene kuli malo olembera ndi ochepa, masiku akenso ndi ochepa, choncho ngati mukufunika viza ndi tikiti ya ndege, yambani ndi mpando wa mayeso, ulendo pambuyo. Kusintha tsiku kumalipitsidwa, ndipo mtengo umakwera mukadutsa malire a masiku 60, kenaka a masiku 30. Kukatsala masiku ochepera 10 simungasinthenso kanthu.

AAMC ili ndi Fee Assistance Program imene imatsitsa mtengo wa MCAT kufika pochepera theka ndi kupereka zipangizo zokonzekera mwaulere kwa oyenerera. Funsirani chithandizochi musanalembetse, chifukwa ndalama zimene munalipira kale sabweza. Amene ali ndi ulumali kapena matenda ofuna nthawi yowonjezera apemphe miyezi ingapo tsiku lisanafike, poti kuunika pempho loyamba kumatha kutenga masiku 60.

Kukonzekera

Patulani miyezi 3 mpaka 6, maola okwana 300 kapena kuposerapo. Amene amagwira ntchito mu labotale tsiku lonse atenge miyezi 6 ndipo akambirane ndi mkulu wa labotale msanga kuti mwezi womaliza ntchito ichepe. Kafukufuku wa maselo sadziwa Loweruka, ndipo ambiri amafika pa tsiku la MCAT atatopa ndi ntchito ziwiri.

Sabata yoyamba lembani mayeso oyeserera athunthu musanawerenge kanthu. Malikisi adzakhala otsika, koma adzakuonetsani pamene pali dzenje. Kenaka tengani mndandanda wa mitu umene AAMC imafalitsa mwaulere, muike chizindikiro pa mutu uliwonse: ndikuudziwa, ndikuukumbukira pang'ono, sindikuudziwa. Theka loyamba la nthawi yanu lipite ku kutseka maenje amenewo, pogwiritsa ntchito mabuku kapena mavidiyo aulere a Khan Academy amene anakonzedwa mogwirizana ndi AAMC. Theka lachiwiri likhale la mafunso okhaokha.

Zina n'zoloweza ndithu. Ma amino acid onse 20 muwadziwe maonekedwe ake, dzina la zilembo zitatu ndi la chilembo chimodzi, ndi amene ali ndi chaji pa pH ya m'thupi. Dziwani Michaelis-Menten, masamu a liwiro la ma enzyme, ndi mmene mtundu uliwonse wa inhibitor umasinthira Km ndi Vmax. Masamu opanda kakyuleta muwazolowere: ngati asidi ali ndi ma hydrogen ion okwana 3 × 10⁻⁵ M, pH yake ili pakati pa 4 ndi 5, pafupifupi 4.5, ndipo mayankho anayi amakhala otalikirana moti kuyerekeza koteroko n'kokwanira. Amene amafuna yankho la madesimali atatu amataya mphindi ziwiri pa funso la masekondi 40.

Nthawi muigawe chonchi. M'magawo a sayansi, mphindi 8 pa ndime iliyonse pamodzi ndi mafunso ake, ndi mphindi imodzi pa funso loima palokha, zimakwana ndendende mphindi 95. Mu CARS ndi mphindi 10 pa ndime. Funso likakukanikizani, sankhani yankho, liikeni chizindikiro, pitirirani.

Anthu a mu labotale ali ndi mwayi m'ndime za Biology, chifukwa zambiri zimatengedwa m'mapepala a kafukufuku ndipo zimafuna kuwerenga magirafu, Western blot, PCR ndi magulu oyerekezera. Koma mwayi womwewo umawatchera msampha. Munthu amene wakhala zaka ziwiri pa puloteni inayake amayankha malinga ndi zimene amadziwa, pamene funso likufuna zimene deta ya m'ndimeyo ikusonyeza. Yankho likhale lochokera pa girafu imene ili patsogolo panu.

CARS ndiyo imatsitsa asayansi ambiri, ndipo ndi gawo limene silikwera m'milungu iwiri. Ndime zake ndi za filosofi, mbiri, zaluso, ndale ndi chikhalidwe, ndipo safuna chidziwitso chilichonse cha kunja kwa ndime. Amafuna kuti mugwire mfundo yaikulu ya wolemba, mumve ngati akuyamikira kapena akutsutsa, ndi kuona mmene mfundoyo ingasinthire pakabwera umboni watsopano. Yambani tsiku loyamba lenileni, ndime 2 kapena 3 patsiku, wotchi ili pambali. Mukamaliza ndime, nenani mfundo ya wolemba m'chiganizo chimodzi musanaone mafunso. Yankho lokopa koma lolakwika nthawi zambiri limakhala loona m'moyo koma losanenedwa m'ndime, kapena lokokomeza zimene wolemba wanena mofatsa. Ofuna kufunsiranso ku Canada adziwe kuti McMaster University pa MCAT yonse imayang'ana CARS yokha.

Amene anakulira kunja kwa America asapeputse gawo la Psychology ndi Sociology. Zitsanzo zake zimachokera m'moyo wa ku America, monga kusiyana kwa mitundu pa nkhani ya umoyo ndi inshuwalansi ya zachipatala, ndipo pali mawu ambiri ofanana pang'ono amene ayenera kusiyanitsidwa bwino. Ubwino wake ngwakuti gawoli limakwera msanga mukaliwerengera.

M'milungu 6 yomaliza lembani mayeso athunthu kamodzi pa sabata, kuyamba 8 koloko m'mawa, kupuma monga adzakupumitsireni, foni ili kutali. Mayeso oyeserera a AAMC muwasungire nthawi imeneyi chifukwa ndiwo amalosera bwino malikisi enieni. A makampani ena ndi othandiza pozolowera kukhala pansi, koma manambala awo musawakhulupirire kwambiri. Tsiku lotsatira lonse lipite ku kuunika: pa funso lililonse limene mwalakwa, kapena mwakhoza mwamwayi, lembani ngati vuto linali kusadziwa, kuwerenga molakwika kapena kuthamanga. Kulemba mayeso ambiri osawaunika ndi kubwereza zolakwa zomwezo. Kukatsala milungu iwiri, tengani avereji ya mayeso atatu omaliza a AAMC. Ikakhala yotsika ndi malikisi oposa 3 kapena 4 poyerekeza ndi cholinga chanu, sinthani tsiku malire a masiku 10 asanakwane. Pa tsiku lenileni malikisi sakwera mozizwitsa.

Tsiku la mayeso

Fikani mphindi 30 nthawi isanakwane. Adzaona chiphaso, adzakujambulani ndi kusikana chikhatho chanu, ndipo kusikanako kumabwerezedwa nthawi iliyonse mukatuluka ndi kulowa. Amakupatsani kabuku kolembapo ndi cholembera chake. Foni imatsekeredwa ndipo kuigwira pa nthawi yopuma, kapena kutsegula manotsi, ndi mlandu umene ungafike ku masukulu. Kupuma kulipo katatu: mphindi 10 mukamaliza gawo loyamba, mphindi 30 mukamaliza CARS, mphindi 10 mukamaliza lachitatu. Mukachedwa kubwerera, nthawiyo imadulidwa ku gawo lotsatira, ndipo mzere wa pakhomo umadya mphindi, choncho bwererani kukatsala mphindi 2 kapena 3. Tengani chakudya chimene mimba yanu inazolowera pa mayeso oyeserera.

Pamapeto kompyuta imakufunsani ngati mukufuna kuti mayeso achongedwe kapena afafanizidwe. Mukafafaniza, masukulu saona kanthu, koma ndalama zapita ndipo ulendowo umawerengedwa pa malire anu. Pafupifupi aliyense amatuluka akumva ngati walephera, tsono kumva koteroko si chifukwa chofafanizira. Fafanizani pokhapokha ngati mwadwala, kapena mwasiya ndime zingapo zathunthu osaziwerenga n'komwe.

Kuwerenga zotsatira ndi nkhani yobwereza

M'zaka zaposachedwa avereji ya otengedwa ku MD wamba yakhala pa 511 kapena 512, pamene ya otengedwa ku MD/PhD yakhala pafupifupi 516, malikisi oposa a olemba 9 mwa 10 aliwonse. Imeneyi ndi avereji, kutanthauza kuti ambiri amalowa ndi ochepera pamenepo. AAMC yomwe imanena kuti malikisi onse pamodzi angasunthe ndi 2 uku kapena uku, a gawo limodzi ndi 1, choncho 514 ndi 516 sizisiyana monga anthu amaopera. Makomiti a MD/PhD akaona kuti mungathe maphunziro a udokotala, maso awo amapita pa kafukufuku: mwakhala nthawi yaitali bwanji pa funso limodzi, munaganiza nokha chiyani, ndipo amene anakuyang'anirani akulemba zotani za inu. Kusiya labotale miyezi inayi kuti 515 ikhale 518 ndi malonda oluza. Kwa alendo, poti malo ndi ochepa, ndi nzeru kulinga pamwamba pa avereji ya sukulu imene mukuifuna.

Yang'ananinso magawo paokha. 512 yopangidwa ndi 128 kanayi imawerengeka bwino kuposa 512 imene muli 122 mu CARS, ndipo masukulu ena amaika malire pa gawo lililonse.

Malire obwereza ndi awa: katatu m'chaka chimodzi, kanayi m'zaka ziwiri zotsatizana, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Kufafaniza ndi kujomba zimawerengedwa. Malikisi onse amene anachongedwa amapita okha ku masukulu, simungabise ena. Masukulu ena amatenga aposachedwa, ena apamwamba, ena avereji. Bwerezani ngati malikisi ali pansi kwambiri pa a masukulu a pa tebulo lanu, ngati mukudziwa chimene chinalakwika, ndiponso ngati mayeso oyeserera atsopano akusonyeza kukwera koonekeratu. Kubwereza pakangotha mwezi ndi kawerengedwe komweko kumabweretsa nambala yomweyo, ndipo kutsika pa ulendo wachiwiri kumaoneka moipa kuposa kusabwereza. Mukaganiza zobwereza mutatumiza kale fomu, lembani tsiku latsopanolo mu AMCAS, podziwa kuti masukulu ena adzaimika fomu yanu mpaka zotsatira zifike.

Casper ndi PREview

Awa ndi mayeso oona mmene mumaganizira pa nkhani za khalidwe: mnzanu wabera mayeso, wodwala wakwiya, mkulu wa gulu akukondera. Si masukulu onse amawafuna, ena amangolimbikitsa, ndipo pa sukulu imodzimodzi lamulo la MD wamba lingasiyane ndi la MD/PhD. Onse amalembedwa pa intaneti muli kunyumba, kamera ikuyang'anani.

Casper, ya kampani ya Acuity Insights, imakupatsani nkhani n'kukufunsani mafunso oti muyankhe potaipa kapena polankhula pa vidiyo, nthawi ili yochepa. Imalembedwa kamodzi pa chaka chofunsira ndipo zotsatira zake zimagwira chaka chomwecho basi. Simuona malikisi enieni, amangokuuzani gulu limene mwagwera mwa magulu anayi. Masukulu olandira zotsatira mumawasankha mu akaunti ya Acuity, osati mu AMCAS, ndipo kuiwala sitepe imeneyi kumaimitsa fomu osadziwa. Yankho labwino limayamba ndi kufufuza zoona zake, limaganizira mbali zonse, kenaka limanena chimene mungachite. Zolowerani kutaipa msanga.

PREview ndi ya AAMC. Simulemba chiganizo chilichonse: pa nkhani iliyonse amakupatsani zochita zingapo kuti muike chilichonse pa mlingo wa magawo anayi, kuyambira chosathandiza konse mpaka chothandiza kwambiri. Malikisi ndi 1 mpaka 9 ndipo amalowa okha mu AMCAS. Lembani mayeso oyeserera aulere a AAMC n'kuwerenga zifukwa za mayankho, chifukwa kusiyana kwa chothandiza ndi chothandiza kwambiri kuli ndi kaganizidwe kake. Onse awiriwa alembeni pofika Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, poti zotsatira zimatenga milungu. Ngati nthawiyo idzakupezeni kumudzi pa holide, pezani malo a magetsi odalirika ndi intaneti yosadukaduka, ndipo werengani bwino nthawi: m'miyezi imeneyi Lilongwe ndi Lusaka ali patsogolo pa New York ndi maola 6, moti 8 koloko madzulo kumeneko ndi 2 koloko usiku kwathu.

GRE ndi TOEFL

Mapulogalamu ambiri a MD/PhD safuna GRE, MCAT imaimira zonse. Imafunika mwa apo ndi apo pamene PhD yanu ili kunja kwa sayansi ya zamoyo, monga uinjiniya, Economics kapena Anthropology, ndipo dipatimentiyo ili ndi lamulo lakelake. Musalembe musanafunse. Ikafunika, kuyambira Seputembala 2023 GRE imatenga ola limodzi ndi mphindi 58, malikisi a Verbal ndi a Quantitative ndi 130 mpaka 170, a nkhani yolemba ndi 0 mpaka 6, ndipo amagwira ntchito zaka 5. Ilembeni MCAT itatha. Mayeso a Chingerezi, TOEFL kapena IELTS, masukulu ambiri safunsa kwa amene digiri yawo ndi ya ku America kapena Canada. Ikafunsidwa, zotsatira zake zimakhala zaka 2 zokha, choncho musailembe msanga.

Funso limodzi loti mufunse pa intavyu

Mukalowa, mayeso otsatira ndi USMLE, amene ali ndi masitepe atatu. Kuyambira Januwale 2022, Step 1 imangonena kuti mwakhoza kapena mwalephera, popanda nambala. Mapulogalamu ambiri amafuna kuti muilembe musanalowe mu labotale, ena amayamba akutumizani m'mawodi. Izi zili ndi ntchito chifukwa mabungwe opereka ziphaso za udokotala m'maboma (states) ambiri a ku America amafuna masitepe onse atatu atheke m'zaka 7 kuchokera pamene munakhoza yoyamba. Wophunzira MD/PhD amene walemba Step 1 m'chaka chachiwiri, n'kutha zaka 5 pa PhD ndi zina 2 m'mawodi, amafika pa Step 3 zaka 7 zitakwana kale. Maboma ambiri amapereka nthawi yowonjezera kwa a madigiri awiri, koma lamulo limasiyana boma ndi boma. Funsani mkulu wa pulogalamu kuti ophunzira ake amalemba liti Step 1 ndi Step 2, ndiponso kuti ofesi yake imathandiza bwanji polemba kalata yopempha nthawi yowonjezerayo.